Tayala Limodzi, Popanda Pogwira

Lero tiyamba ndi kuphwasula njinga. Eni njinga musade nkhawa, tiiphwasula m'maganizo mokha.

Tengani njinga yakapalasa ija mumaidziwa bwino. Chotsani tayala limodzi. Chotsani mahandulo, manja asowe pogwira. Chotsani tcheni, mabuleki, keliyala ndi belu lomwe. Chatsala n'chiyani? Tayala limodzi, mapedulo awiri omangiriridwa pakati penipeni pa tayalalo, chitsulo champhanda, ndi chishalo pamwamba pake. Mutachipeza chinthu chotere kwa wokonza njinga, mungati ndi zotsala za njinga imene inachita ngozi. Komatu ayi, imeneyo ndi njinga yathunthu. Pa Chingerezi amaitcha unicycle, ndipo kunja kuno kuli anthu amene amapita nayo kusukulu, amatsika nayo mapiri, ena mpaka amasewera mpira ali pamwamba pake.

Njinga imeneyi si yalero. M'zaka za m'ma 1870 ku England kunatchuka njinga ya maonekedwe odabwitsa yotchedwa penny-farthing, ya tayala lalikulu zedi kutsogolo ndi katayala kakang'ono kumbuyo. Inalibe tcheni. Mapedulo anali patayala lakutsogolo, ndipo wokwera ankakhala pafupifupi pamwamba penipeni pa tayalalo. Akaima mwadzidzidzi, kapena akawomba mwala, katayala kakumbuyo kankanyamuka. Ambiri olemba mbiri ya njinga amati apa mpamene akatswiri ena anatulukira kuti akhoza kuyenda ndithu katayalako kali m'malere, ndipo mapeto ake anangokachotseratu. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, ya tcheni ndi matayala awiri osasiyana kwenikweni kukula, imene ndi kholo la njinga tikukwera masiku anozi. Ya tayala lalikulu ija inazilala. Koma mwana wake wa tayala limodzi anapulumuka, ndipo anakapeza malo m'masewero a zodabwitsa otchedwa circus.

Lero njingayi siili ya m'masewero okha. Ku Japan, kuyambira 1989, unduna wa zamaphunziro unaiika pakati pa masewero olimbitsa thupi a ana a kupulayimale, moti m'masukulu ambiri a kumeneko mumapeza tinjinga timeneti titandandalikidwa pafupi ndi bwalo. Kuli mpikisano wa dziko lonse wotchedwa Unicon, umene unayamba mu 1984 mumzinda wa Syracuse ku America. Kuli Kris Holm wa ku Canada, amene anatchuka potsika nayo m'miyala ndi m'zigwembe momwe ngakhale wa matayala awiri amayamba waganiza kawiri. Ndiye kuli Ed Pratt, mnyamata wa ku Somerset ku England, amene ananyamuka kwawo mu 2015 ali ndi zaka 19, tenti ndi katundu wake yense atamangirira panjinga ya tayala la mainchesi 36. Anadutsa Europe, Asia, Australia, New Zealand ndi America, ndipo anabwerera kwawo mu 2018 atapalasa makilomita pafupifupi 35,000. Ulendowo unasonkhanitsa ndalama zothandizira bungwe la School in a Bag, limene limapereka zikwama ndi zipangizo zophunzirira kwa ana osowa.

Funso limene aliyense amafunsa akaona chinthu chimenechi ndi limodzi: kodi munthuyu sakugwa bwanji? Yankho lake ndi limene landichititsa kubweretsa nkhaniyi pawailesi. Munthuyo akugwa. Nthawi yonse imene ali pamenepo amakhala akugwa.

Ambirife tili ana tinkasewera poimika ndodo kapena nsungwi pachikhatho. Mukakumbukira bwino, dzanja silinkaima. Ndodo ikapendekera kutsogolo, dzanja linkathamangira kutsogolo komweko kuti likhalenso pansi pake. Mukangoumitsa dzanja, ndodo inkagwa. Panjinga ya tayala limodzi, ndodoyo ndi munthu, dzanjalo ndi tayala. Wokwera akafuna kupita patsogolo, amayamba wapendekera kutsogolo pang'ono, kutanthauza kuti wayamba kugwa, kenako amapalasa kuti tayala limupeze asanafike pansi. Akafuna kuchepetsa liwiro, amalola tayala litsogole pang'ono, thupi litsalire m'mbuyo. Akayamba kugwera kumanzere, amapotoza chiuno kuti tayala likhotere kumanzere komweko. Njinga ya matayala awiri imangogwera m'mbali. Iyi imagwera paliponse: kutsogolo, kumbuyo, uku ndi uku. Chimene ife oonerera timachitcha kukhazikika ndi ntchito yosalekeza yowongola tizolakwa ting'onoting'ono tisanakule. Katswiri amasiyana ndi wophunzira pa chinthu chimodzi: amamva msanga kuti wapendekera, ndipo amawongola kupendekerako kukadali kochepa moti diso la woonerera silikuona.

Tsono ganizirani anthu amene mumawasirira. Banja lija lakhala zaka makumi anayi osamvekako phokoso. Agogo aja a kumpingo amene chikhulupiriro chawo chimaoneka ngati sichinagwedezekepo. Bambo uja wa golosale amene anzake onse anatseka iye akugulitsabe. Timakonda kunena kuti amenewo anabadwa choncho, kapena kuti mavuto amawalambalala. Mukawafunsa mwachifatse mudzamva zina. Banja lija limasemphana mawu monga mabanja ena onse, koma limakambirana nkhani isanagone. Agogo aja amakayika, amatopa, nthawi zina pemphero limawakanika, koma sadikira kuti mtima uume kaye. Tikamaganiza kuti okhazikika ndi anthu osagwedezeka, timadzipweteka tokha, chifukwa tsiku limene tamva kuti tikupendekera timayesa kuti zathu zatha, pamene kupendekerako ndi gawo la ulendo wa aliyense.

Tiyeni timuyandikire wophunzira, timuone bwino. Waima m'mbali mwa khoma. Tayala waliika patsogolo pake, pedulo imodzi ili m'munsi chakumbuyo. Chishalo wachilowetsa pakati pa miyendo, dzanja limodzi lagwira khoma. Akaponda pedulo ija, tayala limabwerera lokha kudzalowa pansi pake, iye n'kukwera. Phazi linalo likufufuza pedulo yachiwiri m'malere. Laipeza. Tsopano ntchafu zauma gwa, mawondo akunjenjemera, waluma mano, maso ali patayala. Apalasa theka la kuzungulira, aima, dzanja lisendera pakhoma. Theka lina, aimanso. Pasanathe mphindi zingapo thukuta lili kamukamu, chonsecho mtunda umene wayenda sukukwana mamita 10. Kenako tayala lithawira kutsogolo, iye atera ndi mapazi, njinga igwa payokha, khuu! Pedulo yamukala pamsongolo.

Womuphunzitsa waima chapafupi, ndipo mawu amene akubwerezabwereza ndi amodzimodzi. "Khalani pachishalo!" Wophunzira akuyankha mokwiya, "Ndakhalatu!" Koma sanakhale. Thupi lakhudza chishalo, inde, koma kulemera kwake konse kuli m'miyendo. Waimirira pamapedulo. Mantha amuuza kuti kachishalo kali pamwamba pa tayala limodzi sikangamunyamule, ndiye akudzinyamula yekha. Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, amatopa msanga. Chachiwiri, miyendo imene yasenza thupi lonse siingapalase mofewa. Kuponda kulikonse kumakhala kwamphamvu mopitirira, tayala limadumpha, limakhotera uku ndi uku. Tsiku limene adzatsitse kulemera kwake pachishalo, miyendo imapepuka, imayamba kuzungulira mosalala, ndipo mpamene amayamba kuyenda.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambirife m'chikhulupiriro tili ngati wophunzira uja. Pakamwa timati tamusiyira Mulungu. Mukatiyang'ana, taonekadi ngati takhala. Koma kulemera konse kuli m'miyendo yathu. Mayi apempherera mwana wawo amene ali ku Joni, anena ameni, kenako agona chagada mpaka tambala woyamba akuwerenga zoopsa zonse zimene zingamuchitikire. Bambo apereka m'pemphero nkhani ya fizi, koma m'mawa mwake akalipira aliyense m'nyumba ngati ana ndiwo anakweza mitengo ya zinthu. Mkulu wa mpingo alalikira kuti ntchito ndi ya Ambuye, koma makiyi onse, mabuku onse a chuma ndi maudindo onse ali m'thumba mwake, poopa kuti akangotula china zinthu ziwonongeka. Anthu otere satopa chifukwa choti ntchito yachuluka. Amatopa chifukwa akusenza ndi miyendo katundu amene anayenera kukhala pachishalo.

Wina anganene kuti, "Ndiye mukuti tingokhala, manja lende?" Ayi, ndipo njinga yomweyi ikutiyankha. Wokhala pachishalo saleka kupalasa. Akangoleka, wagwa. Kukhala pachishalo n'kumene kumamasula miyendo kuti igwire ntchito yake yeniyeni. Mayi uja akatula mantha, amapeza mphamvu zomuimbira foni mwana wawo ndi kumulankhula mawu omanga, osati ongomuopseza. Bambo uja akatula nkhawa, mutu umayamba kugwira, amakhala pansi ndi akunyumba kwawo n'kuona chimene angagulitse, amene angakambirane naye kusukulu, ndi zimene angachepetse. Kudalira Mulungu ndi kugwira ntchito sizilimbana. Chimodzi chimanyamula munthu, chinacho chimamuyendetsa. Vuto limabwera tikazisinthanitsa, tikafuna kuti khama lathu litinyamule, kapena tikafuna kuti pemphero lipalase m'malo mwathu.



Pali chinthu china chimene njinga imeneyi ilibe, ndipo a kabaza achimvetsa msanga. Panjinga ya matayala awiri, ukafika potsetsereka umaleka kupalasa, tayala n'kumazungulira lokha miyendo ikupuma, mphepo ikukuomba kumaso. Ndiyo mphotho ya chitunda chimene wakwera. Pa ya tayala limodzi zimenezo kulibe. Mapedulo ndi tayala ndi chinthu chimodzi. Tayala likazungulira, miyendo nayo izungulira. Choncho potsetsereka mpamene miyendo imagwira ntchito yowawa kwambiri, chifukwa imayenera kulimbana ndi tayala limene likufuna kuthawa. Oyenda maulendo ataliatali amaikako buleki yothandizira, koma ngakhale pamenepo mapazi sachoka pamapedulo, ndipo saleka kuzungulira.

Moyo wauzimu nawo ulibe malo otsetsereka oti munthu apumire pa changu chadzana. Aisraeli m'chipululu anaphunzira zimenezi ndi mana. Buku la Eksodo, mutu 16, limatiuza kuti ankatola chakudya cha tsiku limenelo, kupatula tsiku lokonzekera Sabata, ndipo amene anayesa kusunga mpaka m'mawa anapeza chitachita mphutsi ndi kununkha. Pemphero la chaka chatha linali labwino, koma linali la chaka chatha. Kukhululuka kumene munachita pa maliro a amalume kunali kwenikweni, koma m'bale yemweyo akakulakwiraninso mawa, mudzafunika kukhululuka kwatsopano.

Ndipo taonani kumene anthu amagwera kwambiri. Si pachitunda ayi. Pa nthawi ya matenda, ya njala, ya ulova, munthu amakhala tcheru, amapemphera, amafunsa nzeru kwa anzake. Ngozi ili potsetsereka, zinthu zikayamba kuyenda. Mfumu Davide sanagwe pamene ankathawa Sauli m'mapanga. Anagwa ufumu utakhazikika. Mukawerenga 2 Samueli mutu 11 mudzaona kuti nkhaniyo inayamba pang'ono kwambiri. Inali nyengo imene mafumu ankapita kunkhondo, iye anatsala ku Yerusalemu. Madzulo ena akuyenda padenga la nyumba yake anaona mkazi akusamba. Anatuma munthu kukafunsa kuti ndi ndani. Anamuuza kuti ndi mkazi wa Uriya. Pa sitepe iliyonse panali mpata wowongola, ndipo kuwongolako kukanakhala kotsika mtengo: kutembenuza nkhope, kutsika padenga, kusiya nkhaniyo atamva dzina la mwamuna wake. Sanawongole. Mapeto ake inali kalata yolamula kuti Uriya aikidwe pamalo oti aphedwe. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Panjinga ya tayala limodzi mwambi umenewu ndi lamulo la sekondi iliyonse: kupendekera kwakung'ono kumawongoledwa ndi kuponda kumodzi kofewa, koma kukapitirira malire ake, ngakhale katswiri wa dziko lonse sangakubweze.

Tibwerere kwa wophunzira wathu, amene tinamusiya atagwira khoma. Khoma ndi labwino. Popanda ilo sakanakwera n'komwe. Koma limafika tsiku limene khoma lomwelo limasanduka mdani, chifukwa wogwira khoma amayedzamira kukhomako, ndipo thupi limazolowera kukhala chopendekera. Palibe amene anaphunzirapo njinga imeneyi dzanja lili pakhoma mpaka mapeto. Womuphunzitsa amamuuza kuti atembenuke, khoma likhale kumbuyo, ayang'ane bwalo. Amamuuzanso kuti achotse maso patayala, asankhe chinthu chakutali, kaya mtengo kaya chitseko, aziyang'ana chimenecho, chifukwa woyang'ana pansi amawerama, ndipo wowerama wagwa kale. Kenako asiye. Palibe njira yodziwira kuti wakonzeka asanasiye. Kudziwako kumabwera dzanja litachoka kale.

Ansembe onyamula likasa pa mtsinje wa Yordano anakumana ndi zomwezo. Yoswa mutu 3 amafotokoza kuti inali nyengo yokolola, mtsinje utasefukira, ndipo madzi sanaime iwo ali pamtunda. Anaima mapazi awo ataviika kale m'mphepete mwa madziwo. Ena mwa inu muli ndi khoma limene linakuthandizani pa nthawi yake, koma tsopano likukupendeketsani. Mwina ndi m'bale amene mwamudalira zaka zonse moti simunayesepo kudziimira. Mwina ndi chikhulupiriro chobwereka, chimene chimangoima abusa akuti akakhalapo, kapena amayi anu akamakupemphererani. Athokozeni anthu amenewo, ndipo musawataye. Koma dzanja lichoke.

Nanga kugwa kwenikweni? Kumabwera, ndipo kumabwera kambirimbiri. Chodabwitsa n'chakuti kugwa kochuluka panjinga imeneyi kumathera pamapazi. Kutsogolo kulibe mahandulo okukola, ndiye tayala likathawa munthu amangotsika n'kuthamanga masitepe awiri atatu. Amene amavulala kawirikawiri ndi amene amalimbana kuti apulumutse njinga. N'chifukwa chake ophunzitsa amanena kuyambira tsiku loyamba kuti zikavuta, isiyeni igwe. Chishalo chake amachiika zotetezera kutsogolo ndi kumbuyo podziwa kuti chidzamenya pansi nthawi zosawerengeka. Chinapangidwira zimenezo. Msana wanu sunapangidwire zimenezo.

Ndi anthu angati amene avulala m'moyo chifukwa chokakamira chinthu chimene chinali chitagwa kale? Bizinesi yafa, koma munthu akutenga katapila pofuna kuti anthu asadziwe. Mkangano wautaya, iye akudziwa kuti walakwa, koma akuumirirabe mpaka ubale kutha. Udindo wamukanika, koma akuugwira ndi manja awiri mpaka mpingo kugawanika. Chimene timateteza pamenepo nthawi zambiri ndi dzina, chifukwa kugwa pagulu kumachititsa manyazi. Wophunzira njinga ya tayala limodzi alibe kothawira manyazi amenewo. Amagwa ana akuona, odutsa akuseka, ena akumufunsa kumene wataya tayala linalo. Amadzuka, amatola njinga, amakweranso. Buku la Miyambo, mutu 24, silisiyanitsa wolungama ndi woipa ponena kuti wina sagwa. Kusiyana kwawo kuli pa kudzukanso.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene anaona zonsezi kalekale, n'kuzisandutsa ntchito yolera ana. Dzina lake ndi Jerry King. Ali mwana ku Florida anaona munthu akukwera njinga ya tayala limodzi mu circus, ndipo chithunzicho sichinamuchoke. Atakula anakakhala ku South Bronx, dera la mumzinda wa New York limene pa nthawiyo linkalowa pansi ndi umphawi, mankhwala osokoneza bongo ndi magulu a achinyamata achiwawa. Mu 1958, podera nkhawa mwana wake Charles, anayamba kumuphunzitsa njinga imeneyi. Ana a m'deralo ataona anakhamukirako, ndipo mpamene panabadwira kalabu. Jerry King sankafuna kupanga akatswiri a masewero. Ankafuna kuphunzitsa anawo mwambo, kudzigwira ndi makhalidwe achikhristu, ndipo njingayo inali chida chake.

Taganizani chifukwa chake chida chimenechi chinagwira ntchito. Njinga ya tayala limodzi siinamizika. Sungaiopseze, sungaipatse chiphuphu, sungabere mayeso ake. Mnyamata wovuta kwambiri pa msewu wonse amagwa chimodzimodzi ndi kamwana kofatsa, ndipo kawirikawiri kamwanako ndi kamene kamayamba kuyenda, chifukwa kamamva zimene akukauza. Anyamata aja anafika poisewera basketball ali pamwamba pake, akupatsirana mpira, akuzembana, akuseketsa anthu. Mu 1968 anakaonetsa luso lawo m'mbali mwa msewu kunja kwa Madison Square Garden pamaso pa Irvin Feld, mkulu wa circus yaikulu ya Ringling Bros. and Barnum & Bailey. Chaka chotsatira, 1969, anayamba kusewera mu circus imeneyo ndi dzina loti King Charles Troupe, ndipo amakumbukiridwa ngati gulu loyamba la anthu akuda okhaokha kusewera m'menemo. Anayenda nayo zaka zambiri.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani imeneyi si kutchuka kwawo. N'chakuti chinthu chooneka ngati cha munthu mmodzi, tayala limodzi, chishalo chimodzi, chopanda ngakhale ponyamulira mnzako, chinamanga gulu. Palibe mwana amene anaphunzira yekha. Wina anamubwereka phewa kuti agwire, wina anayenda pambali pake, wina anamutolera njinga itagwa. Kupalasa palibe angakupalasire, n'zoona. Koma pafupifupi aliyense amene akuyenda lero anayamba atagwira mkono wa wina. Makolo ndi atsogoleri a achinyamata amene mukumvera, Jerry King sanathamangitse ana mumsewu ndi ulaliki wokha. Anawapatsa chinthu chovuta choti achite, ndipo anaima pambali pawo pamene ankagwa.

Ndisanatsirize, ndiyenera kunena pamene fanizo lathuli likuperewera, chifukwa fanizo lililonse lili ndi malire. Choyamba, si kugwa konse kumene kumachokera kwa wokwera. Pali mwala wobisika, pali dzenje, pali galimoto imene yakupanikiza. Mayi amene wataya mwamuna wake, mlimi amene mbewu zake zapita ndi madzi osefukira, mnyamata amene wamaliza sukulu koma ntchito kulibe, amenewa sanapendekere molakwika. Tisawawonjezere katundu powauza kuti akanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira sakanagwa. Abwenzi a Yobu analankhula zotero, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawadzudzula.

Chachiwiri, wokwera njinga akaphunzira, waphunzira. Luso limakhala lake, ndipo safunanso womugwira. Chikhulupiriro sichili choncho. Sitifika pomaliza maphunziro n'kumuuza Mulungu kuti zikomo, kuyambira pano ndiyenda ndekha. Pa Mateyu 14, Petro anatuluka m'ngalawa, nayendadi pamadzi. Ataona mphepo anachita mantha, nayamba kumira. Pamenepo panalibe luso loti limupulumutse, panalibe kuwongola kulikonse kumene akanachita. Anafuula, ndipo Yesu anatambasula dzanja nthawi yomweyo n'kumugwira. Uthenga wabwino sukunena kuti tikalimbikira tidzakhala akatswiri osagwa. Ukunena kuti pamene kupendekera kwapitirira malire oti tingakubweze tokha, alipo wotigwira. Khoma timalisiya. Dzanja limenelo sitilisiya.

Ndiye pamene tikusiyana, ndikusiyireni ntchito yaing'ono. Musayambe ndi zikuluzikulu. Fufuzani malo amodzi pamene mukudziwa mumtima mwanu kuti mwayamba kupendekera, pamene anthu ena sanaonebe. Mwina ndi mawu amene munalankhula m'mawa kwa akunyumba kwanu. Mwina ndi ngongole ya ku banki m'khonde imene mwayamba kuizemba. Mwina ndi mauthenga a pafoni amene mumafufuta musanalowe m'nyumba. Mwina ndi pemphero limene mwalisiya sabata ino poti zinthu zikuyenda. Lero n'chotsika mtengo: kupepesa kumodzi, foni imodzi, kuvomera kumodzi. Mwezi wamawa chidzafuna ankhoswe, mafumu kapena bwalo la milandu. Chikonzeni lisanalowe dzuwa. Ndipo ngati mwagwa kale, musataye nthawi kuyang'ana amene akuseka. Itanani wokuthandizani, kumwamba ndi pansi pano, mudzuke.